Miyezi isanu chichitireni opaleshoni ya chigongono, ndimupatse nthungo?

Kochi Chitakale:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi ikundisowetsa tulo. Ambiri mukumudziwa mnyamata wanga wa Fomu 3 woponya nthungo, wamtali uja amene chaka chatha anasiya anzake kutali pa mpikisano wa masukulu. Dzina sinditchula. Mu Okutobala tili pokonzekera anaponya kamodzi n'kukhala pansi atagwira chigongono, akuti wamva ngati chingwe chaduka mkati. Kunja sikunaoneke zambiri, kanangotupa pang'ono mbali yamkati, iyi yoyang'ana kunthiti. X-ray inaonetsa kuti fupa lili bwino. Tinadikira miyezi iwiri, koma akangoyesa kuponya ululu umabwerera, nthungo n'kumagwera pafupi ngati waponya mwana wa pulayimale. Amalume ake a ku Johannesburg anamuitanitsa pa holide ya Khirisimasi. Kumeneko anamujambula ndi MRI n'kupeza kuti kamtsempha komanga mafupa a chigongono kanaduka. Opaleshoni inachitika mu Januwale.

Lero tili mu Juni. Mkono ukuwongoka bwinobwino, akulemba, akunyamula chikwama, akuti palibe pomwe pakumuwawa. Mu Ogasiti kuli mpikisano, ndiye mwanayu wandikakamira tsiku ndi tsiku kuti ndimutsekulire kositolo atenge nthungo. Dzulo anaima pakhomo la stafu mpaka belu lomaliza. Ndimupatse? Amene mukudziwa za izi ndithandizeni.

Madala a ku Luchenza:
Aphunzitsi, ngati mwana akuti sakumva kuwawa mukudikiranso chiyani? Ife tinkaponya m'zaka za m'ma 1980, chigongono chikatupa timathowa ndi madzi otentha, mawa lake tili m'bwalo. Mkono ukakhala nthawi yaitali osagwira ntchito umaiwala. Mpatseni aziponya pang'onopang'ono.

Madamu a Netibolo Bvumbwe:
Kodi madokotala akowo sanapereke pepala lonena zoti achite?

Kochi Chitakale:
Pepala lilipo madamu, masamba atatu. Vuto ndi loti limafotokoza bwino miyezi itatu yoyambirira, kenako likungoti adzaonane ndi dokotala asanayambe kuponya. Dokotalayo ali ku Joni, ife tili kuno pansi pa phiri.

Wamafizo Limbe:
Aphunzitsi, zikomo pofunsa musanachite. Ine si dokotala wa opaleshoni, ntchito yanga ndi mafizo, ndipo mwanayu sindinamuone ndi maso. Koma yankho la funso lanu ndi ayi. Mu Ogasiti asaponye nthungo pa mpikisano. Ndisanafotokoze, tandionereni papepalapo, alemba kuti UCL reconstruction kapena UCL repair? UCL ndi kamtsempha kanadukako, reconstruction ndi kuikapo kena, repair ndi kusoka komweko. Muonenso ngati ali ndi tizipsera ting'onoting'ono pamkono, kufupi ndi pomwe timavala wotchi.

Kochi Chitakale:
Alemba reconstruction, kenako palmaris longus. Tizipsera tilipo titatu, kuwonjezera pa chachikulu chapachigongono chija.

Wamafizo Limbe:
Chabwino, ndiye ndi opaleshoni yaikulu ija. Ndifotokoze zomwe anachita mkatimo, chifukwa mukazimvetsa simuvutikanso kumukaniza.

Kamtsempha kamene kanadukako n'kakafupi, kamagwira fupa lakumtunda kwa mkono ndi limodzi mwa mafupa awiri akumunsi, mbali yamkati. Ntchito yake ndi kuletsa chigongono kuti chisatseguke cham'mbali pamene dzanja latsalira kumbuyo thupi likupita kutsogolo. Mukamuyang'ana woponya nthungo pa kamphindi kaja chifuwa chatsogola koma nthungo ikadali kumbuyo kwa mutu, pamenepo ndi pomwe kamakokedwa kwambiri. Kakaduka chifukwa choperepeseka kwa nthawi yaitali, kusoka kokha nthawi zambiri sikugwira. Ndiye amatenga mnyewa wina pamkono, ndiwo palmaris longus mwawerengayo, amaboola timabowo m'fupa lakumtunda ndi lakumunsi lija, n'kuulowetsa ndi kuumanga kuti ulowe m'malo mwa kodukako. Tizipsera titatuto ndi pomwe anasololera mnyewawo.

Tsono apa ndi pomwe anthu timanamizika. Khungu limapola pa milungu iwiri. Ululu umatha pa miyezi iwiri kapena itatu. Koma mnyewa woikidwawo uyenera kaye kumera m'timabowo ta fupa, magazi ayambe kufikamo, kenako usinthe pang'onopang'ono kuti ukhale ngati kamtsempha kanachokako. Zimenezi zimatenga chaka, nthawi zina kupitirira. Ndipo pamene ukusinthapo sumva kuwawa ayi. Mwana akanena kuti "sindikumva kanthu" akunena zoona, koma kusamva kanthuko sikukutiuza kuti mkati mwalimba. Zili ngati simenti ya maziko. Pamwamba imauma tsiku lomwelo, mutha kupondapo, koma palibe mmisiri amene amaikapo khoma ndi denga m'mawa mwake.

Madamu a Netibolo Bvumbwe:
Nanga akachotsa mnyewawo dzanja silifooka?

Wamafizo Limbe:
Ayi madamu, ntchito yake ndi yochepa kwambiri, moti anthu ena amabadwa opanda ndipo sadziwa n'komwe. Yesani pomwe mulipo. Gunditsani chala chachikulu ndi chaching'ono, mupinde dzanja pang'ono cha kwa inu. Mukaona kachingwe katatumphuka pakati, ndi komweko. Amene alibe, madokotala amatenga wina pantchafu.

Madamu a Netibolo Bvumbwe:
Kumanja ndili nako, kumanzere sikakuoneka!

Wa Kriketi Thunga:
Asisi, ine ndili ndi funso. Neeraj Chopra, woponya nthungo wa ku India, anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu Meyi 2019. Mu Januwale 2020 anali ataponya kale mamita 87.86 ku Potchefstroom, ku South Africa, ndipo mu 2021 anatenga golide wa Olimpiki ku Tokyo. Kuchokera Meyi mpaka Januwale ndi miyezi 8 yokha. Wathuyu pofika Ogasiti adzakhala ndi miyezi 7. Kusiyana kwake n'kochepa bwanji?

Wamafizo Limbe:
Funso labwino achimwene, ndipo mwanayu akaliona pa YouTube adzabwera nalo lomweli. Opaleshoni ya Chopra inali ina. Iye anamuchotsa tizidutswa ta fupa tomwe tinali m'chigongono. Sanamuikire mnyewa watsopano woti udikire kumera. Ngakhale zinali choncho, mpikisano wa dziko lonse wa ku Doha chaka chomwecho sanapite, anausiya udutse, chonsecho ndi munthu wokhala ndi madokotala ndi makochi omuyang'anira tsiku lililonse.

Woti timufanizire ndi mwana wathuyu ndi Tommy John, amene opaleshoniyi imadziwika ndi dzina lake. Ankaponya mpira wa baseball ku timu ya Los Angeles Dodgers. Dr Frank Jobe anamuchita opaleshoniyi mu Seputembala 1974, ndipo anali woyamba. Chaka chonse cha 1975 sanasewere. Anabwerera mu Epulo 1976, patatha chaka ndi theka. Atabwerera anasewera mpaka 1989 ali ndi zaka 46, ndipo anapambana masewero 164 ndi mkono wosokedwawo, kuposa amene anapambana asanavulale. Mpaka lero oponya baseball ambiri amatenga miyezi 12 mpaka 18 kuti abwerere pa mpikisano.

Ndiye taganizani izi. Mpira wa baseball umalemera pafupifupi magalamu 145. Nthungo ya amuna ndi magalamu 800. N'chifukwa chake woponya nthungo amachedwetsedwa kuposa wa baseball. Ndiponso vutoli madokotala anayamba kulilemba pa oponya nthungo, mu 1946, baseball isanatchuke nalo. Ndi matenda athu enieni a masewera amenewa.

Wa Kriketi Thunga:
Ndamva. Koma ndinawerenganso za ena amene amabwerera pa miyezi 6.

Wamafizo Limbe:
Amenewo ndi a repair, n'chifukwa chake ndinayamba ndafunsa zapapepala. Ngati kamtsempha kangozuka pafupa koma kakadali kabwino, amakasokerera pomwe kanachoka n'kuikapo kalamba kolimbitsa kotchedwa internal brace. Amenewo amatha kubwerera pa miyezi 6 kapena 7. Wathuyu si wa gulu limenelo.

Madala a ku Luchenza:
Mwana wanga, zonsezo ndamva ndipo sindikutsutsa sukulu yanu. Koma mukuyankhula za anthu a ku America amene amalandira malipiro ali gone. Kuno mwana wa mayi wothyola tiyi mwayi wake ndi womwewu. Pa mipikisano ngati imeneyi ndi pomwe anthu akuluakulu amaonera ana, ena amatengedwa n'kupeza sukulu kapena ntchito. Chaka chamawa adzakhala ali Fomu 4, mutu uli pa mayeso. Akaphonya Ogasiti uno ndani adzamukumbuke? Madzi akadutsa pa mlatho sabwerera.

Kochi Chitakale:
Madala, mwanena zomwe zili mumtima mwanga. N'chifukwa chake ndikuvutika.

Wamafizo Limbe:
Bambo, mantha anuwo ndi enieni, sindikuwapeputsa. Inenso kwathu ndi ku Makwasa, mayi anga anathyola tiyi mpaka msana unakana. Ndikudziwa kuti mwayi kwathu kuno subwera kawiri. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Akaponya mu Ogasiti ndi mkono umene sunakonzeke, zinthu ndi ziwiri. Mwina aponya moopa, nthungo n'kugwera pafupi, anthu akuluakulu aja n'kunena kuti mwana uja anatha. Mwina aponya ndi mtima wonse, mnyewa uja n'kutamuka kapena kuduka. Opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba chifukwa fupa linabooledwa kale, ndipo zotsatira zake sizikhala zabwino ngati za yoyamba. Nanga ndalama yachiwiriyo ichokera kuti? Oponya nthungo amafika pachimake ali ndi zaka za m'ma 20. Julius Yego wa ku Kenya anatenga golide wa dziko lonse ku Beijing mu 2015 ndi mamita 92.72 ali ndi zaka 26. Wathuyu sanakwanitse ngakhale 20.

Adimini:
Ndawalowetsa pagulu mayi ake a mnyamatayu komanso amalume ake, atandipempha aphunzitsi. Tiwalandire. Ndipo a uthenga wa feteleza uja ndaufufuta, gulu lino ndi la masewera.

Mayi a mnyamata:
Zikomo nonse, ndawerenga kuyambira pamwamba. Ine sukulu sindinapite nayo patali koma ndamva. Ndinene zomwe aphunzitsi sakuzidziwa. Mwanayu kunyumba sakukhala chete. Sabata yatha anyani anatsika m'phiri kulowa m'munda wa nandolo, ine ndili kuseri ndinangomva miyala ikulira m'mitengo. Kupita ndinamupeza akugenda ndi mkono womwewo, mwala waukulu ngati peyala. Nditakalipa anati amangoyesa. Usiku wake ndinamuona akudzisisita pachigongono, kumufunsa akuti ndi kuzizira kwa chiperoni. Komanso amakapopa madzi kumjigo, ndowa zinayi zisanu, chifukwa ine msana. Ndipo masiku ena m'mawa amati chala chaching'ono ndi chinzake chachita dzanzi. Ndimaona ngati wagonera mkono.

Malume ku Joni:
Achemwali, bwanji osandiuza zimenezi? Mukudziwa mmene tinavutikira. Ine ndinagwira mashifiti ausiku miyezi inayi, abale anasonkha, inu munagulitsa mbuzi zonse. Mpatseni foni madzulo ano ndiyankhule naye.

Mayi a mnyamata:
Ndimaopa kukudandaulitsani achimwene. Komanso musamukalipire kwambiri, masiku ano sakudya bwino, akungokhala phee kuseri kwa nyumba.

Wamafizo Limbe:
Mayi, mwachita bwino kunena, ndipo musadziimbe mlandu. Nditenge chimodzichimodzi.

Za dzanzi ndiye zofunika changu. Kuseri kwa chigongono, mbali yamkati, kumadutsa mtsempha wina wotchedwa ulnar, uja mukagunda pakona ya tebulo mumamva ngati magetsi mpaka kuchala chaching'ono. Umadutsa pafupi penipeni ndi pomwe anachita opaleshoni, ndipo umapita ku zala ziwiri zomwe mwatchulazo. Tommy John yemwe uja anachitidwa opaleshoni yachiwiri chifukwa cha mtsempha umenewu. Nthawi zambiri dzanzi lotere limabwera munthu akagona atapinda mkono usiku wonse, ndipo limatha. Yesani kumukulunga thaulo pachigongono pogona, momasuka, kuti asamapinde kwambiri. Koma dokotala adziwe sabata ino. Mukaona dzanzi silikuchoka masana, kapena akulephera kugwira bwino cholembera, kapena mnofu wapakati pa chala chachikulu ndi cholozera ukuphwa, musadikire ngakhale tsiku limodzi.

Za miyala, asiyiretu. Kugenda ndi mkono wozizira, mokwiya, ndi mwala wosadziwika kulemera kwake, n'koopsa kuposa nthungo imene. Anyani awathamangitse ndi mawu ndi galu.

Za mjigo sizikundiopsa kwambiri pa miyezi isanu, bola azipopa ndi manja awiri, zigongono zili pafupi ndi thupi, osati mothamanga. Ndowa kuitukula kuika pamutu athandizane ndi wina. Kuwaza nkhuni ndi nkhwangwa ayambe wadikira mpaka ataonedwa.

Amalume, inu ndi amene muli pafupi ndi dokotala. Mupempheni aonane ndi mwanayu pa vidiyo, komanso alembe kalata yonena zomwe anachita ndi mwezi umene akulola kuponya. Kalatayo ipite kwa wamafizo amene azimuona kuno.

Malume ku Joni:
Mawa ndikuimbira ku ofesi yake. Koma kunoko azionedwa kuti? Chibwerereni wapita kumafizo kawiri kokha, thiransipoti yake.

Wamafizo Limbe:
Yambani pafupi. Funsani gawo la mafizo pa chipatala cha boma cha Mulanje, ndipo kumeneko kulinso a zamafupa amene angamuyeze chigongono. Akaona kuti pakufunika wina, ku Blantyre kuli Queens, Kachere ndi Beit CURE. Pa siteji imeneyi sakufunika kukwera minibasi ya Midima sabata iliyonse. Kamodzi pamwezi n'kokwanira ngati ntchito ya tsiku ndi tsiku ikuchitika kunyumba ndi kusukulu. Ndipo ntchitoyo ndi yanu aphunzitsi.

Kochi Chitakale:
Ndiuzeni, ndili ndi kope apa.

Wamafizo Limbe:
Izi zichitike akaonedwa kaye, makamaka chifukwa cha miyala ija. Zipangizo zodula sizikufunika. Dulani chubu chakale cha njinga mizere ngati mmene amadulira malegeni, mumange pachitsulo cha windo. Dzazani mchenga m'mabotolo a theka la lita, limodzi limalemera pafupifupi magalamu 800, mukhoza kuyeza pasikelo ya pagolosale.

Poyamba ndi phewa. Chigongono chili chogunda m'nthiti, atapinda mkono, azikoka mphira kupita kunja, kenako kulowa mkati, pang'onopang'ono, maulendo 15 katatu. Azigonanso chafufumimba pabenchi n'kumakweza botolo cham'mbali ndi chakutsogolo kuti minofu yakumsana yogwira fupa laphewa ilimbe. Phewa likafooka, chigongono ndi chimene chimalipira. Chachiwiri ndi minofu yapamkono, iyi yopinda dzanja ndi kulitembenuza chafufumimba. Imayambira pafupa lomwe lija lamkati mwa chigongono, ndipo ndi imene imathandiza kamtsempha kaja kunyamula katundu. Azipinda dzanja atagwira botolo, azitembenuza hamala uku ndi uku ataigwira kumapeto kwa mpini, azifinya mpunga kapena mchenga m'ndowa.

Koma nthawi yambiri ipite ku miyendo, chiuno ndi mimba. Mphamvu ya nthungo imachokera pansi, imakwera m'miyendo, m'chiuno, m'chifuwa, mkono umangomalizitsa. Mwana amene miyendo ndi yofooka amabweza ndi mkono. Zitunda muli nazo zambiri kumeneko, azithamanga, azidumpha, azichita masitepe opingasa aja opanda kanthu m'manja. Asamale poterera nyengo ino, ndipo mpira wamiyendo ayambe wausiya, kugwera dzanja kungatibwezere kumbuyo.

Dokotala akalola, kuponya kumayamba ndi manja awiri, mpira wolemererapo kuchokera pachifuwa, kenako pamwamba pamutu. Zikayenda bwino milungu ingapo, dzanja limodzi ndi kampira kopepuka, pamtunda wa mamita 14 okha, moponyera mnzake osati molimbana, maulendo ngati 25, kupuma, n'kubwereza. Tsiku limodzi kuponya, lotsatira kupuma. Mtunda uziwonjezeka pang'onopang'ono. Akamva kuwawa mbali yamkati ija poponya, asiye pomwepo, apume masiku awiri, abwerere pa sitepe yam'mbuyo. Kukapitirira, kuchipatala. Nthungo yeniyeni isabwere miyezi 8 isanakwane, ndipo iyambe yopepuka ya magalamu 400, ataima malo amodzi, kulasa pansi pafupi. Kenako masitepe atatu, kenako asanu, kenako ya 600. Kuthamanga mtunda wonse ndi ya 800 ndi chinthu chomalizira. Mpikisano, chaka chikadutsa, ndiponso dokotala atavomera.

Kochi Chitakale:
Achemwali, pamene mwatchula kulemera kwa nthungo mwandilasa. Ndinene chilungamo pagulu pano. Pasukulu pathu nthungo ndi imodzi, ya 800. Mwanayu ndinamupatsa imeneyo ali ndi zaka 15, chifukwa anali wamkulu thupi. Ankaponya masiku asanu pa sabata, nthawi zina mpaka dzuwa kulowa, ine ndikuwomba m'manja. Ankaponyera cham'mbali, chigongono chili pansi pa phewa, monga mmene ana amagendera mango. Ndinkaona, koma poti nthungo inkapita patali sindinafune kumusokoneza. Teremu yonse isanafike Okutobala ankati chigongono chikunyerenyetsa akamaliza, ine ndinkamugulira mankhwala opaka n'kumuuza kuti ndi kukula kwa minofu. Mayi, amalume, mwana wanu anandiuza ndipo sindinamve. Pepani.

Mayi a mnyamata:
Aphunzitsi, inu ndi amene munamuona kuti ali ndi luso pamene ena ankangoti ndi wautali wopanda ntchito. Sitikusungirani kanthu. Tithandizane kuti achire.

Wamafizo Limbe:
Aphunzitsi, zimene mwanenazi zithandiza ana ambiri kuposa zonse ndalemba ine. Ndipo zikutiuza chinthu china. Opaleshoni yakonza kamtsempha, koma sinakonze kaponyedwe. Akabwerera ndi chigongono chotsika chomwecho, adzadulanso chatsopanochi. Pali bodza lina limene limayenda, loti opaleshoniyi imawonjezera mphamvu yoponya. Amene amabwerera ali bwino kuposa kale ndi chifukwa cha chaka chija anathera kulimbitsa thupi lonse ndi kukonza kaponyedwe. Ndiye miyezi ikubwerayi muigwiritse ntchito. Mujambuleni ndi foni cham'mbali akuchita masitepe opanda nthungo. Chigongono chizidutsa pamwamba, kufupi ndi khutu, mwendo wakutsogolo uzifika pansi uli wolimba, chiuno chizitsogola mkono usanayambe.

Madamu a Netibolo Bvumbwe:
Ifenso nthungo ndi imodzi, atsikana ndi anyamata yomweyo. Zoyenera ndi ziti kwenikweni?

Wa Kriketi Thunga:
Amayi akuluakulu ndi 600, abambo 800. Osakwana zaka 18, atsikana 500, anyamata 700. Ang'onoang'ono kutsika pamenepo. Ifenso kukriketi taphunzirapo. Poponya kwa womenya mkono umakhala wowongoka, koma ana akamabweza mpira kuchokera kumalire amaponya ngati akugenda, ndipo ena amadandaula malo omwewo. Ndiyamba kuwerenga maulendo amene akuponya.

Madala a ku Luchenza:
Ndakhala chete ndikuwerenga. Pa za mwayi ndikadali pomwe ndinali, chaka ndi chachitali kwa mwana wosauka, ndipo wina ayenera kuonetsetsa kuti anthu asamuiwale. Koma pa zothowa ndi madzi otentha ndibweze mawu. Mkono wanga wamanja suwongoka kufika kumapeto, papita zaka zoposa makumi atatu. Ndikanyamula thumba la chimanga umanjenjemera, ndipo zala ziwiri zomwe anena mayiwa zinachita dzanzi kalekale, batani la malaya ndimamanga ndi dzanja lamanzere. Ndinkati ndi ukalamba. Ndinasiya kuponya ndili ndi zaka 24, osati chifukwa chofuna. Nthawi imeneyo kunalibe wotiuza.

Ndili ndi nthungo ya 600 kudenga, ya malemu mkazi wanga, nayenso ankaponya. Yachita dzimbiri kunsonga koma ndi yowongoka. Nthawi yake ikakwana mudzaitenge. Ya 400 tikhoza kusema ya nsungwi, n'kuiyeza pasikelo.

Wamafizo Limbe:
Zikomo bambo. Inunso mkonowo mukaonetse, dzanzi la nthawi yaitali pali zomwe angakuthandizeni ngakhale pano. Nsungwiyo ikhale yowongoka ndipo pogwirira pakhale pomwe imakhazikika mukaiika pachala.

Mayi, za kusadya ndi kukhala kuseri kwa nyumba musazitenge mopepuka. Mwana amene ankadziwika ndi nthungo, lero anzake akumudutsa, mtima umasweka. Kungomuuza kuti "ayi" sikukwanira, apatsidwe chochita ndi tsiku loyembekezera. Zakudya zikhale zomwe muli nazo, usipa, nyemba, nandolo, mazira akapezeka. Agone mokwanira. Fodya asayandikire, amachedwetsa kupola.

Kochi Chitakale:
Ndaganiza chonchi. Ku mpikisano wa Ogasiti apita nafe, koma ngati wondithandiza. Azigwira tepi yoyezera ndi kuyang'anira ana a Fomu 1, ndipo ndidzamuonetsa kwa akuluakulu amene adzabwere kuti adziwe kuti alipo ndipo akubwerera chaka chamawa. Madala, pamenepo mudzandithandize, inu amakudziwani. Ngati a chipatala alola, ndimulembetsenso mamita 400, miyendo ali nayo. Ndijambula kalendala papepala lalikulu, mwezi ndi mwezi mpaka Januwale, tikhome kuseri kwa chitseko cha kositolo, azichonga yekha. Kiyi akhala m'thumba mwanga.

Madala a ku Luchenza:
Ndidzabwera. Mundiuze tsiku.

Malume ku Joni:
Ndayankhula naye. Sindinakalipe achemwali. Analira, akuti amaopa kuti tikadikira aphunzitsi apeza wina. Wavomera za miyala, akuti anagenda kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anamva kukoka mkati. Adokotala, zimenezo ndi zoopsa?

Wamafizo Limbe:
Sindinganene ndili kuno amalume, pafunika manja a munthu amuyeze ngati chigongono chikugwedera. Zikhoza kukhala minofu chabe. Mpaka ataonedwa asakoke mphira, asaponye chilichonse, azingothamanga. Zimene wanenazo mukamuuze dokotala ndendende mmene wanenera, kuphatikizapo tsiku.

Mayi a mnyamata:
Lachiwiri ndipempha kuntchito ndipite naye kuchipatala m'mawa. Aphunzitsi, pepala lija lili kwa inu, mumupatsire Lolemba akamaweruka. Muliike m'pulasitiki, mvula yake ino.

Kochi Chitakale:
Ndibweretsa ndekha kunyumba Lolemba madzulo, ndipo Lachiwiri ndikuperekezani, ndasinthana kale mapiriyodi ndi anzanga. Madamu a ku Bvumbwe, chubu chija ndidula zambiri, mukafuna za atsikana anu mundiuze.

Madamu a Netibolo Bvumbwe:
Ndisungireni zisanu ndi chimodzi. Ndidzatenga Loweruka pobwera ku Chitakale.